Ma intavyu 9 koma ntchito osaipeza: chimachitika n'chani chitseko chija chikatsekedwa

Lamulungu lapitali kunyumba kwanga ku Chilomoni kunabwera mphwanga, mwana wa azakhali anga, amene anamaliza digiri ya IT pa Poly paja pano tikuti MUBAS, ndipo anafika ndi kope la hadikava m'manja. Ine ndimayesa muli mawerengero a geni, koma ayi, munali mndandanda wa ma intavyu onse amene wapanga m'miyezi 14, tsiku lake, malo, ndalama ya thiransipoti imene inapita, ndi zimene anamuyankha. Analipo 9. Asanu anamutumizira ka imelo kaja koyamba ndi "we regret", anayi sanayankhe n'komwe mpaka lero. Tiyi anakana, anangokhala pa mpando n'kunena kuti, "Achimwene, mundiuze zoona, ineyo ndili ndi tsoka kapena alipo anandipanga chipongwe kumudzi? Chifukwa kuitanidwa ndikuitanidwa ndithu, koma tikafika kumapeto amatenga wina."

Funso limeneli linandipweteka mumtima chifukwa mwanayu ndimamudziwa, si waulesi, ndipo code amalemba bwino kuposa mmene ine ndinkalembera pa msinkhu wake. Ineyo ndakhalapo mbali zonse ziwiri za tebulo lija, ndinabwezedwapo kangapo ndili mnyamata, ndipo zaka zaposachedwazi ndakhala pa panel ndikupereka ma malikisi kwa ana a eni ake. Nde ndikufuna ndifotokoze zimene ndinamuuza, chifukwa mu Blantyre muno ali ngati iyeyu ndi ambiri, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Machinjiri, ali ndi laputopu ndi satifiketi mu envelopu ya khaki koma akudzifunsa funso lomweli.

Tiyambe ndi masamu, chifukwa amathandiza kuchotsa mantha a ufiti aja. Mmene ndaonera ine, malo akakhala amodzi pa shortlist amaitana anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi. Tinene kuti ndi 6 ndipo nonse mukufanana nzeru, ndiye kuti mwayi wako ndi umodzi pa 6. Mukawerengera bwinobwino, mwayi woti munthu agwe ma intavyu 9 otsatizana m'njira imeneyi uli pafupifupi 19 pa 100, kutanthauza kuti pa anthu asanu aluso ndithu, mmodzi adzafika pa 9 asanapeze kanthu popanda cholakwa chake chilichonse. Ndipo mu intavyu amene wakhala nambala 2 pa ma malikisi salandira kanthu, amalandira imelo yomweyo imene walandira amene wakhala nambala 6. Mwina unaphonya ndi ma malikisi awiri okha koma sudzadziwa. Komanso munthu amene akuitanidwa kasanu ndi kanayi CV yake ikugwira ntchito, vuto lake ndi losiyana kwambiri ndi la amene watumiza ma CV 200 osaitanidwa olo kamodzi, ndipo ambiri amalakwitsa apa, akagwa amabwerera kukakonzanso CV, kusintha ma font, kulipira kosi ina ya pa intaneti, pamene bala lili kwina.

Tsono msika wathuwu ndi waung'ono, tisanamizane. Kuno amene amalemba anthu a IT mowirikiza ndi mabanki ngati National Bank, NBS ndi FDH amene malikulu awo ali konkuno, a TNM, a MRA ku Msonkho House, a ESCOM, a inshulansi monga NICO ndi Old Mutual, kenako a kafukufuku wa zaumoyo ngati MLW kufupi ndi Queens ndi a KUHeS. Mukawerenga pa zala atha msanga. Ndipo makampani akuluakulu ambiri sapanga system yawoyawo kuyambira pansi, ya banki amagula kunja, ya malipiro amagula, ya ma akaunti amagula, nde munthu amene akumufuna ndi woti aziisamala isagwe, ailumikize ndi Mpamba kapena Airtel Money kapena National Switch yolumikiza mabanki ija, atulutse ma ripoti mu database abwana akawafuna 7 koloko m'mawa, ndipo adziwe koyambira zinthu zikaima. Pamene mnyamata wathu wakhala miyezi itatu akuphunzira React, chida chopangira maonekedwe a ma app ndi ma website, pa YouTube ndipo wakonzeka kuonetsa app yokongola. Palibe cholakwika ndi React, koma walowa mu golosale ya ufa atanyamula ndalama yogulira nsapato.

Mbali inayo anthu akuchuluka chaka ndi chaka, MUBAS ikutulutsa, MUST ku Thyolo ikutulutsa, UNIMA ku Zomba, Mzuni, kuphatikiza ma yunivesite a private. Ndiye pabwere zimene zachitika zaka zochepazi. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo ma layisensi a software amalipiridwa mu madola, kutanthauza kuti bajeti ya IT yomweyo imene ikanalemba anthu awiri atsopano inakathera kulipira ma layisensi. Mu January 2025 boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ma pulojekiti ambiri a zaumoyo anakhudzidwa, ndipo anthu amene akhala zaka zambiri akugwira ndi DHIS2, system yosonkhanitsira ma data a zaumoyo, ndi ma system a m'zipatala anabwerera pa msika, nde mwana womaliza kumene akupezeka pa benchi imodzi ndi bambo wa zaka 10 pa ntchito amene wavomera salale yotsika chifukwa ali ndi ana ku sukulu. Kunja nakonso sikunasiye malo, Meta, kampani ya Facebook ija, inachotsa anthu 11,000 mu November 2022, Google 12,000 ndi Microsoft 10,000 mu January 2023, ndiye ntchito za remote zimene tinkaziona ngati chitseko chakuseri zinadzaza ndi anthu a ma CV olemera.

Zonsezi suzisintha iwe. Chimene ungasinthe chili m'chipinda muja, ndipo ndi pamene ndikufuna ndikhalitse.

Pa panel nthawi zambiri pamakhala wa HR, mkulu wa IT, ndi wina wochokera ku dipatimenti ina, pena wa finance, pena wa audit, pena amene azidzagwiritsa ntchito system yo. Aliyense ali ndi pepala la mafunso omwewo amene afunsa wina aliyense, pambali pali kabokosi kolembamo ma malikisi, mwina pa 5 kapena pa 10, ndipo ukangotuluka amaphatikiza. Mvetsa ichi aise, munthu wa pa panel sangakupatse malikisi pa zimene ukudziwa koma sunazinene. Ngati yankho lako ndi ziganizo ziwiri basi n'kukhala chete, cholembera chake chilibe cholemba, akupatsa 2 ngakhale mumtima akuona kuti mwanayu ndi wanzeru. Ndipo awiri mwa atatu aja sadziwa kusiyana kwa Java ndi JavaScript, koma ma malikisi awo amalemera chimodzimodzi ndi a mkulu wa IT uja.

Apa ndi pamene chikhalidwe chathu chimatigwetsa, ndipo ndimamva chisoni chifukwa ndi chikhalidwe chabwino. Tinaleredwa kuti pamaso pa akulu uziyang'ana pansi, usamayankhe zambiri, kudzitama n'koipa. Nde mwana akafunsidwa za pulojekiti yake ya chaka chomaliza amati "tinapanga system ya library, tinagwiritsa ntchito PHP ndi MySQL, tinamaliza bwinobwino." Tina, tina, tina. Panel ikufuna kulemba munthu mmodzi, osati gulu lonse la anthu asanu lija, ndipo tonse tikudziwa kuti m'magulu a ku koleji amagwira ntchito ndi awiri, enawo amangobwera tsiku la presentation. Ukati "tinapanga" sitikudziwa kuti iwe unali uti. Mphwangayu ndi amene analemba database yonse ya gulu lawo, anagona mu lab masiku angapo, koma mu ma intavyu onse 9 sananenepo kuti "ineyo ndinapanga." Atandiuza ndinagwira mutu. Kunena zimene unachita ndi manja ako si mwano, ukhoza kunena mwaulemu wonse, "gulu linali la anthu asanu bwana, mbali yanga inali database, ndinakumana ndi vuto lakuti, ndinalithetsa chonchi."

Kenako ndinamuyesa pompo pa tebulo la pa sitting room. Ndinati, tayerekeza ukugwira ntchito ku banki, lero ndi pa 25, tsiku la malipiro, mzere wafika panja, ma teller akuti sakutha kulowa mu system, iwe uli wekha mu ofesi ya IT, upanga chani? Anayamba bwinobwino kundiwerengera ma layer 7 a OSI, mndandanda wa m'buku wofotokoza mmene netiweki imagwirira ntchito, physical, data link, network, mpaka kumwamba, osaphonya olo imodzi. Ndinamusiya amalize, kenako ndinati mayi aja ali pa mzere ndi mwana kumbuyo akudikirabe. Anaseka pang'ono koma anamva. Chimene mkulu wa IT akufuna kumva ndi mmene mutu wako umayendera moto ukabuka. Kodi ndi onse sakulowa kapena nthambi imodzi, chifukwa ikakhala imodzi mwina ndi link ya kumeneko. Chasintha n'chani kuyambira dzulo usiku, alipo anaika update? Ma log akuti chani? Disk yadzaza? Satifiketi ya seva yatha masiku? Ndiuza ndani pompano kuti akuluakulu asamve kwa makasitomala, ndipo ngati ndikufuna kubweza zimene zinasinthidwa, backup ilipo ndipo inayesedwapo? Munthu akayankha chonchi olo asapeze vuto lenileni ndimamupatsa 8 pa 10, chifukwa ndaona kuti ndikhoza kupita ku maliro ku Mulanje n'kumusiyira ofesi mtima uli m'malo.

Ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Pofika pa intavyu yomaliza, onse amene atsala amadziwa ntchito mokwanira, za nzeru zinatha kale pa shortlist ndi pa practical. Chimene chatsala m'mutu mwa bwana uja ndi mantha. Iyeyo ndi amene adzaimbiridwe foni 2 koloko usiku, ndi amene adzaime pamaso pa ma auditor, ndipo akalemba munthu wolakwika kumuchotsa ndi chintchito. Nde amasankha amene wamuchepetsera mantha, ndi chifukwa chake wa experience amapambana ngakhale code yake ili yachikale, ndi chifukwa chakenso intern amene wakhala nawo miyezi 6 amaposa mlendo wa distinction. Iwe ngati ulibe zaka, uyenera kubweretsa nkhani zenizeni za zinthu zimene zinawonongeka m'manja mwako n'kuzikonza. Akakufunsa za nthawi imene unalakwitsa usati "sindinalakwitsepo", yankho limenelo limaopsa kuposa onse, limatanthauza kuti sunagwirepo chinthu chenicheni kapena ukalakwitsa umabisa.

Za practical ndinena mwachidule chifukwa mankhwala ake ndi odziwika. Amakukhazika pa kompyuta, mphindi 45 kapena ola, lemba query yophatikiza ma table awiri mu SQL, chilankhulo chofunsira database, gawa netiweki iyi mu ma subnet, peza cholakwika mu code iyi. Anthu ambiri amagwa pa zinthu za chaka chachiwiri, malamulo a SQL ngati JOIN ndi GROUP BY, osati pa zovuta, chifukwa anazolowera kukopa ndipo pamenepo intaneti atseka. Yesezera ndi wotchi, wopanda Google, ndipo ngati wina wakhala pambali pako lankhula zimene ukuganiza, usamangotuluka thukuta mwakachetechete. Makampani akunja amachita zomwezi pa website ya mayeso a code ngati HackerRank kapena pa video ukulemba iwo akuonera, ndipo kumeneko kukhala chete ndiye kugwa kumene.

Pali china chatsopano chimene chayamba kundidetsa nkhawa. Chibwerereni ChatGPT kumapeto kwa 2022, mayankho a anthu ayamba kufanana ngati mayunifolomu. Tsiku lina pa panel anthu anayi otsatizana anatiuza chofooka chawo ndi mawu ofanana ndendende, mpaka mayi wa HR anangoika cholembera pansi. Kukonzekera ndi AI si tchimo, inenso ndimagwiritsa ntchito, koma yankho loloweza limafa pa funso lachiwiri, tikangoti "tapereka chitsanzo, zinachitika liti, unatani" munthu amayang'ana kudenga. Kuli bwino Chingerezi chothyokathyoka chonena zimene unaona ndi maso ako kusiyana ndi chosalala chopanda mwini.

Ndiye ilipo nkhani imene aliyense amaidziwa, yoti malo ena amakhala ndi mwini wake kale. Ndi zoona, sindingakane. Pena ndi zachinyengo zenizeni, mwana wa uje, wa kumudzi kwa uje, wa tchalitchi cha uje. Koma pena si chinyengo, pali munthu amene wakhala akugwirizira udindowo chaka chonse ndipo malamulo a kampani akuti malo alengezedwe basi, nde inu asanu mwaitanidwa kudzakwaniritsa mwambo. Zimapweteka kwambiri ukaganiza kuti wina wakwera basi usiku kuchokera ku Mzuzu ndi ndalama yobwereka. Zizindikiro zake zimaoneka, intavyu ya mphindi 10, palibe funso lotsatira pa chilichonse wanena, wina ali pa foni. Koma chenjera, ukangoika ma intavyu onse m'thumba limeneli wadzitsekera wekha njira yophunzira. Titadutsa mu kope la mphwanga mmodzimmodzi, awiri okha ndi amene ankaoneka choncho. Atatu anagwa pa practical, ndipo iye anavomera kuti SQL inamuthawa. Anayi anafika pa panel yomaliza n'kugwa pa mafunso ngati la pa 25 lija ndi "tinapanga" uja. Mwaona kuti si tsoka limodzi lalikulu, ndi mabala atatu osiyana ndipo awiri ali ndi mankhwala.

Tinthu tina timaoneka tating'ono koma tadyetsa anthu ntchito. Funso la salale, ena amati "chilichonse bwana" poganiza kuti ndi ulemu, koma zimamveka ngati sukudziwa mtengo wako kapena udzathawa ukangopeza pena, ena amatchula nambala ya kumwamba imene anamva kwa mnzawo wa ku bungwe lolipira madola. Funsa anthu a m'makampani ofanana usanapite, tchula pakati poyambira ndi pothera, ndipo dziwa ngati ukunena ya msonkho usanachotsedwe kapena yolowa m'thumba. Ma referee nawonso, anthu amalemba lecturer amene anawaphunzitsa kalasi ya anthu 120 zaka zitatu zapitazo osamuuza n'komwe, foni ikalira iye n'kumati "ndani ameneyo?" Ndinaonapo munthu ali nambala 1 akutsika chifukwa cha zimenezi. Ndipo intavyu ikakhala ya pa Teams kapena Zoom, magetsi athu mukuwadziwa, tchaja zonse, khala ndi bandulo pa ma line awiri, ndipo ngati kwanu kuli phokoso la chigayo kapena tchalitchi pempha chipinda kwa mnzako m'tauni. Kwa akunja uwauzenso kuti nthawi yathu ndi imodzi ndi ya Johannesburg ndipo simasiyana kwambiri ndi ya ku Europe, ambiri sadziwa kumene Malawi ali ndipo ndi mfundo yokugulitsa.

Chimene anthu sakamba ndi mmene zimenezi zimadyera munthu mkati. Intavyu yoyamba banja lonse limadziwa, amayi amapemphera, malume amabwereketsa jekete. Pofika yachisanu umapita mobisa, umasita shati usiku anthu atagona, chifukwa watopa ndi funso la "zayenda bwanji?" Mphwanga anandiuza kuti azakhali anasiya kumufunsa, ndipo kusafunsako kukumupweteka kuposa kufunsa. Choopsa n'choti kutopa kumeneku kumalowa nawe m'chipinda, mapewa agwa, mawu atsika, ukuyankha ngati munthu amene akudziwa kale kuti sizitheka, ndipo panel imaona, nde kugwa kwa dzulo kumabala kugwa kwa mawa. Ngati muli ndi wotere pakhomo panu musamufunse za ntchito tsiku lililonse, ndipo musamuyerekeze ndi mwana wa aneba amene analowa ku banki. Mpatseni ya bandulo, mudye naye nsima, ndipo akafuna kuyeseza mukhale panel yake olo simudziwa za kompyuta, chifukwa tanena kale kuti awiri mwa atatu aja nawonso sadziwa.

Ndinamuuzanso kuti kope lija alisinthe ntchito. M'malo molemba ndalama zimene zapita, akangotuluka mu intavyu, ali mu minibasi pa Ginnery Corner zinthu zisanaiwalike, alembe funso lililonse limene anafunsidwa, zimene anayankha, ndi pamene anaona nkhope za anthu zikusintha. Mafunso a mu tauni muno amabwerezedwa kwambiri, ukasonkhanitsa a ma intavyu anayi uli ndi pepala la mayeso a wachisanu. Imelo ya regret ikabwera ayankhe mwaulemu, athokoze, afunse chinthu chimodzi chokha chimene akanachita bwino. Ambiri sayankha, koma mmodzi akayankha ndi golide, komanso nambala 1 pena amakana ntchito kapena amachoka pa probation, ndipo amene amaimbiridwa ndi amene anasiya dzina labwino. Anthu a IT mu Blantyre ndi ochepa, amakumana ku misonkhano ya bungwe lawo la ICTAM, amadziwana, bwana amene wakukana lero akhoza kutchula dzina lako kwa mnzake mwezi wamawa.

Ndipo pa nkhani ya experience ija, asadikire kuti wina amupatse. Pali mzibambo wina ku Limbe ali ndi shopu ya hadiweya, katundu amalemba m'makope atatu ndipo mwezi uliwonse simenti imasowa osadziwa kuti yapita kuti. Ndinawalumikiza. Mphwanga wayamba kumupangira ka system ka stock, ndalama yake ndi yochepa, ya thiransipoti ndi chakudya basi, koma Lachitatu anandiimbira mawu ali pamwamba, akuti magetsi anathima pakati pa kulowetsa katundu, ma record ena analowa theka, bambo aja anakalipa kuti matumba 40 asowa mu kompyuta, ndipo iye anakhala mpaka 8 koloko usiku kufufuza mpaka anapeza kuti sanaike ma transaction mu database, amene amathandiza kuti record ilowe yonse kapena isalowe n'komwe, anakonza, n'kuikanso backup yopita pa flash madzulo aliwonse. Ndinamuuza kuti alembe nkhani imeneyo mu kope momwe yachitikira, ndi kukalipa komwe, osachotsa kanthu.

Ali ndi intavyu ina Lachinayi sabata yamawa, ya 10. Loweruka abwera kunyumba, akazi anga akhala a HR, ine wa IT, ndipo neba wathu amene ndi mphunzitsi wa pulayimale wavomera kukhala wa finance. Ndamuuza kuti nthawi iliyonse akanena "tinapanga" tiziyambiranso funsolo.